Kuchedwa kwa Intaneti Kumidzi: Mmene Liwiro Limawerengedwera ndi Zimene Zimalichepetsa

Namwino wa pachipatala chaching'ono amene akufuna kutumiza lipoti la mwezi ku likulu la boma, mphunzitsi amene akufuna buku latsopano lophunzitsira, ndi mnyamata amene akufunsira malo ku koleji tsiku lomaliza lisanakwane, onsewa amadziwa kachizindikiro kozungulira kamene kamaoneka pa foni kapena pa kompyuta pamene intaneti ikuchedwa. Kachizindikiroko kakamazungulira, nthawi imapita, batire limatha, ndipo ndalama zimene munthu anagulira bandulo zimalowa m'madzi ngati ntchitoyo yadukira panjira.

Vutoli likukhudza anthu ochuluka. Ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe anthu oposa theka amakhala kumidzi, ndipo kalembera wa ku Malawi wa chaka cha 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse ndi a kumidzi. Malipoti a bungwe la ITU, lomwe ndi nthambi ya United Nations yoona za lamya ndi mauthenga, a zaka za 2023 ndi 2024 anaonetsa kuti mu Africa anthu oposa theka a m'mizinda amagwiritsa ntchito intaneti, pamene kumidzi safika ngakhale mmodzi mwa anayi alionse. Ndipo mwa ochepa amene amaipezawo, ambiri amaipeza yochedwa.

Kuti munthu adziwe ngati akulandira zimene analipira, ayenera kumvetsa zinthu ziwiri: mmene nthawi yotsitsira zinthu pa intaneti imawerengedwera, ndi malo amene liwiro limatayikira pa ulendo wochokera ku gombe la nyanja kukafika kumudzi.

Biti ndi baiti: miyeso iwiri imene imasokoneza anthu

Chilichonse chimene chimayenda pa intaneti, kaya ndi kalata, chithunzi, nyimbo kapena kanema, chimasandutsidwa manambala awiri okha, 0 ndi 1. Nambala imodzi yotereyi imatchedwa biti. Mabiti 8 akaikidwa pamodzi amapanga baiti imodzi. Mabiti 1,000 ndi kilobiti, mabiti 1,000,000 ndi megabiti. Chimodzimodzinso mabaiti 1,000 ndi kilobaiti, mabaiti 1,000,000 ndi megabaiti, ndipo mamegabaiti 1,000 ndi gigabaiti.

Chisokonezo chimabwera chifukwa chakuti kukula kwa fayilo ndi kukula kwa bandulo zimayezedwa ndi mabaiti, pamene liwiro la intaneti limayezedwa ndi mabiti pa sekondi. Polemba mwachidule, B wamkulu amaimira baiti ndipo b wamng'ono amaimira biti. Motero MB ndi megabaiti, pamene Mbps ndi mamegabiti pa sekondi, ndipo kbps ndi makilobiti pa sekondi.

Kampani ikalengeza kuti intaneti yake ili ndi liwiro la 8 Mbps, ambiri amaganiza kuti fayilo ya 8 MB itsika pa sekondi imodzi. Zoona zake n'zakuti idzatenga masekondi 8, chifukwa 8 Mbps ndi megabaiti imodzi yokha pa sekondi. Munthu wosadziwa kusiyana kumeneku amayembekezera liwiro lokula kasanu ndi katatu kuposa limene analonjezedwa.

Kuwerengera nthawi yotsitsira fayilo

Kutsitsa, kumene ambiri amati kupanga dawunilodi, ndiko kutenga fayilo kuchokera pa kompyuta yakutali, yotchedwa seva, kuibweretsa pa foni kapena pa kompyuta yanu. Nkhaniyi ikufanana ndi kutunga madzi pa mjigo. Kukula kwa fayilo kuli ngati kukula kwa ndowa, ndipo liwiro lili ngati kuchuluka kwa madzi amene mjigowo ukutulutsa. Nthawi yodzazira ndowa imadalira zonse ziwiri.

Masamu ake ndi osavuta. Chulukitsani mamegabaiti a fayilo ndi 8 kuti mupeze mamegabiti, kenako gawani yankholo ndi liwiro la mamegabiti pa sekondi. Chotsatira chake ndi masekondi. Mwachitsanzo, nyimbo ya 5 MB ili ndi mamegabiti 40, ndipo pa liwiro la 2 Mbps imatsika pa masekondi 20.

Potsata masamu omwewa, nthawi imasiyana motere:

Pa liwiro la 56 kbps, lomwe linali lapamwamba kwambiri pa intaneti yodzera mu lamya ya m'nyumba m'zaka za m'ma 1990, fayilo ya 5 MB imatenga pafupifupi mphindi 12, ya 100 MB pafupifupi maola 4, ndipo ya 1 GB pafupifupi maola 40.

Pa liwiro la 200 kbps, limene netiweki ya 2G imafikapo zinthu zikakhala bwino, fayilo ya 5 MB imatenga mphindi 3 ndi masekondi 20, ya 100 MB ola limodzi ndi mphindi 7, ndipo ya 1 GB maola 11.

Pa liwiro la 2 Mbps, fayilo ya 100 MB imatenga mphindi 6 ndi masekondi 40, ndipo ya 1 GB ola limodzi ndi mphindi 7.

Pa liwiro la 20 Mbps, fayilo ya 5 MB imatenga masekondi 2, ya 100 MB masekondi 40, ndipo ya 1 GB mphindi 6 ndi masekondi 40.

Manambala amenewa akusonyeza nthawi yochepetsetsa. Fayilo siyenda yathunthu, koma imagawidwa m'timaphukusi ting'onoting'ono, ndipo kaphukusi kalikonse kamanyamulanso adiresi ndi zizindikiro zoonera ngati kafika bwino. Timaphukusi timene tatayika panjira timatumizidwanso. Kaamba ka ichi, amene akufuna kuyerekeza mwachangu angachulukitse ndi 10 m'malo mwa 8, ndipo yankho lake lidzayandikira zimene zimachitikadi.

Mawu akuti intaneti yothamanga nawonso tanthauzo lake lasintha m'kupita kwa zaka. Kwa nthawi yaitali, mabungwe a ITU ndi OECD akhala akuika m'gulu limeneli intaneti iliyonse yoyambira pa 256 kbps. Bungwe la FCC, loyang'anira za mauthenga ku United States, linaika malire pa 25 Mbps m'chaka cha 2015, ndipo linawakweza kufika pa 100 Mbps m'chaka cha 2024. Malirewa akukwera chifukwa zinthu za pa intaneti zikulemera. Tsamba wamba la pa intaneti masiku ano limaposa mamegabaiti awiri, kutanthauza kuti pa 200 kbps munthu amadikira kupitirira mphindi yathunthu kuti tsamba limodzi litseguke.

Kutsitsa, kukweza ndi kudikira yankho

Liwiro limene makampani amalengeza nthawi zambiri limakhala la kutsitsa. Palinso liwiro la kukweza, ndiko kuti kutumiza zinthu kuchokera pa foni yanu kupita kwina. Pa netiweki za mafoni a m'manja ndi za setilaiti, liwiro la kukweza limakhala locheperapo. Pa netiweki ya mafoni chifukwa chimodzi n'chakuti nsanja imaulutsa ndi mphamvu zambiri, pamene foni ili ndi kabatire kakang'ono. Foni ikhoza kumva nsanja bwinobwino koma nsanjayo n'kumavutika kumva foni. Ichi ndi chifukwa chake wantchito wa zaumoyo amatha kulandira mauthenga koma n'kulephera kutumiza lipoti kapena chithunzi.

Muyeso wachitatu ndi nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako. Nthawiyi imayezedwa ndi mamilisekondi, ndipo mamilisekondi 1,000 ndi sekondi imodzi. Tsamba limodzi limafuna maulendo ambiri opita ndi kubwerera lisanatseguke lonse, motero ulendo uliwonse ukakhala wautali, tsambalo limachedwa ngakhale liwiro la kutsitsa litakhala labwino.

Pano mtunda ndi umene umalamula. Mafunde a wailesi amayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo kuwala kodutsa mu nthambo za faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Masetilaiti amene amaoneka ngati aima malo amodzi kumwamba ali pa mtunda wa makilomita 35,786 kuchokera pa dziko. Funso limakwera ndi kutsika, yankho nalonso limakwera ndi kutsika, ndipo ulendo wonsewo umaposa makilomita 140,000. Ndiye kuti pafupifupi theka la sekondi limatha ndi mtunda wokha, ndipo pophatikiza ndi kuchedwa kwa zipangizo, nthawiyi imafika mamilisekondi 600 kapena kuposerapo. Podzera mu nthambo za pansi pa nyanja, ulendo wapakati pa Johannesburg ndi London umatenga mamilisekondi osafika 200.

Kuchokera ku gombe kukafika ku mzinda

Zinthu zambiri zimene anthu a m'chigawo chino amawerenga ndi kuonera zinayambira pa maseva a ku Ulaya ndi ku America. Pamene kampani ya ZAMNET inayamba ntchito pa University of Zambia m'chaka cha 1994, n'kukhala imodzi mwa makampani oyamba opereka intaneti kumwera kwa chipululu cha Sahara, njira zolumikizira mayiko a chigawo chino ndi kunja zinali zopapatiza komanso zokwera mtengo. Nthambo ya pansi pa nyanja ya SAT-3, yochokera ku Portugal kutsata gombe la kumadzulo mpaka pafupi ndi Cape Town, inayamba ntchito m'chaka cha 2002. Koma mayiko a ku gombe la kum'mawa, pamodzi ndi ambiri a pakati, anadalirabe setilaiti kwa zaka zina zisanu ndi ziwiri.

Zinthu zinasintha mu July 2009 pamene nthambo ya SEACOM inatsegulidwa, yofikira ku Mtunzini ku South Africa, Maputo, Dar es Salaam ndi Mombasa. M'chaka cha 2010 nthambo ya EASSy, yotalika makilomita pafupifupi 10,000 kuchokera ku Mtunzini mpaka ku Port Sudan, inayamba ntchito. M'chaka cha 2012 kunabwera WACS ku gombe la kumadzulo, yofikiranso ku Swakopmund m'dziko la Namibia, ndipo m'chaka cha 2022 nthambo ya Equiano ya kampani ya Google inafika ku Swakopmund komweko.

Mayiko asanu ndi limodzi a m'bungwe la SADC alibe gombe la nyanja yamchere. Awa ndi Malawi, Zambia, Zimbabwe, Botswana, Lesotho ndi Eswatini. Intaneti yawo iyenera kudutsa makilomita mazanamazana m'mayiko oyandikana nawo, ndipo mwini nthambo aliyense pa njirayo amalipiritsa. Intaneti ya ku Malawi, mwachitsanzo, imadzera ku Mozambique, Tanzania ndi Zambia. Mkati mwa mayikowa, makampani a magetsi monga ESCOM ku Malawi ndi ZESCO ku Zambia anayala nthambo za faiba pa mizere yawo ya magetsi, ndipo makampani ena anazikwirira m'mbali mwa misewu ikuluikulu.

Njira zimenezi zimaduka. Pa 14 March 2024 nthambo zinayi zinaonongeka m'nyanja kufupi ndi Côte d'Ivoire, ndipo vutolo linafika mpaka ku South Africa. Pa 12 May chaka chomwecho, nthambo za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inachedwa kwa masiku angapo ku Tanzania, Kenya, Mozambique, Malawi ndi mayiko ena. Kumtunda, nthambo zimadulidwa ndi makina okonza misewu, madzi osefukira, komanso akuba amene amaganiza kuti muli kopa pamene muli galasi lokhalokha. Nthambo imodzi ikaduka, mauthenga onse amapanikizana pa zotsalazo.

Gawo lomaliza: kuchokera pa nsanja kukafika m'manja

Ngakhale nthambo za m'nyanja zitakhala bwino, liwiro la intaneti limatengera gawo lopapatiza kwambiri pa njira yonse. Msewu wotakasuka ukakathera pa mlatho wa mitengo, galimoto zonse zimayenda mwa liwiro limene mlathowo walola. Kumidzi, mlatho wotere umapezeka pakati pa tauni yomaliza imene ili ndi faiba ndi foni ya munthu, ndipo zifukwa zake zilipo zingapo.

Choyamba ndi mtundu wa netiweki. Netiweki ya 2G, imene foni imaisonyeza ndi chilembo G kapena E, inapangidwira kulankhulana ndi mauthenga aafupi, ndipo liwiro lake limayambira pa makilobiti makumi ochepa kufika cha m'ma 200. Ya 3G, yosonyezedwa ndi 3G, H kapena H+, inayamba ndi 384 kbps ndipo kenako inafika pa mamegabiti angapo. Ya 4G imatha kupereka mamegabiti makumi angapo. Makampani amayamba kuika zipangizo zatsopano m'mizinda, kumene nsanja imodzi imabweza msanga ndalama zoimangira, ndipo midzi imatsalira ndi zakale. Palinso mafoni otsika mtengo amene sangathe kugwira 4G ngakhale itakhalapo.

Chachiwiri ndi mtunda. Mphamvu ya mafunde a wailesi imachepa msanga pamene munthu akutalikira nsanja, ndipo mapiri, mitengo yowirira, makoma a njerwa ndi madenga a malata zimaichepetsanso. Mafunde akafooka, foni ndi nsanja zimasankha zokha njira yotumizirana pang'onopang'ono kuti uthenga usaonongeke. Ndiye chifukwa chake anthu a m'midzi yambiri amadziwa chulu, mtengo kapena kaphiri kamene netiweki imagwira. Mafunde otsika, a 700, 800 ndi 900 MHz, amafika patali ndipo amalowa bwino m'nyumba kusiyana ndi a 1,800, 2,100 kapena 2,600 MHz. Mafunde a 700 ndi 800 MHz kale ankagwiritsidwa ntchito ndi wailesi ya kanema. Mgwirizano wa ITU unaika 17 June 2015 kukhala tsiku losiyira kaulutsidwe kakale ka kanema, koma mayiko ambiri a mu Africa sanakwanitse tsikuli, ndipo mafundewo anachedwa kuperekedwa ku makampani a mafoni.

Chachitatu ndi kugawana. Liwiro la nsanja si la munthu mmodzi. Tiyerekeze kuti mbali imodzi ya nsanja ingathe kupereka 40 Mbps. Anthu anayi akamatsitsa zinthu nthawi imodzi, aliyense apeza 10 Mbps, koma akakhala 80, aliyense apeza theka la megabiti. M'mizinda nsanja zimakhala pafupipafupi, pamene kumidzi nsanja imodzi imatumikira midzi yambiri. Ichi ndi chifukwa chake intaneti imathamanga m'bandakucha koma n'kuchedwa madzulo kapena pa tsiku la msika. Timizere timene timaoneka pamwamba pa foni timasonyeza mphamvu ya mafunde chabe, sitinena kuchuluka kwa anthu amene ali pa mzere.

Chachinayi ndi njira yolumikizira nsanjayo ku mzinda. Nsanja zambiri za kumidzi zilibe faiba, koma zimalandizana mauthenga kudzera mu mbale zozungulira zimene zimaoneka pamwamba pake, kuchokera pa nsanja ina kupita pa inzake. Nsanja zonse za pa mndandanda umodzi zimagawana njira yomweyo, ndipo imodzi ya pakati ikazima, zonse za kutsogolo kwake zimakhala chete. Mvula yamphamvu imafooketsanso mafunde a mbale zimenezi ndi a setilaiti.

Magetsi ndi nyengo

Nsanja imafuna magetsi usana ndi usiku. Kumene kulibe mizere ya magetsi, imadalira majenereta a dizilo, mabatire ndi mphamvu ya dzuwa. Mafuta ayenera kunyamulidwa pa misewu yafumbi imene nyengo ya dzinja imakhala yosadutsika, ndipo mabatire ndi dizilo zimakopa akuba. Zonsezi zimachititsa kuti nsanja ya kumudzi ikhale yodula kuyendetsa kuposa ya mumzinda, chonsecho anthu amene ikuwatumikira ndi opeza zochepa.

M'chaka cha 2024 chilala chinachepetsa kwambiri madzi a m'damu la Kariba, ndipo ku Zambia ndi ku Zimbabwe magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mabatire a pa nsanja sankapeza nthawi yokwanira yodzadzira, ndipo netiweki inkavuta m'madera ambiri. Namondwe wa Idai mu March 2019 anadula mauthenga a mzinda wa Beira ndi madera ozungulira, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anaononga misewu, milatho ndi mizere ya magetsi kumwera kwa Malawi. Pa nthawi ngati zimenezi netiweki imasowa pamene anthu akuifunitsitsa kuti aitane chithandizo ndi kufufuza abale awo.

Phunziro la ku Macha

Dera la Macha, m'boma la Choma kumwera kwa Zambia, ndi limodzi mwa madera a kumidzi mu Africa amene intaneti yake inafufuzidwa mozama. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, ntchito yotchedwa LinkNet inalumikiza chipatala, masukulu ndi nyumba za m'deralo pa netiweki yopanda nthambo, imene inkalandira intaneti kuchokera pa setilaiti. Anthu mazana angapo ankagawana liwiro la 256 kbps. Masamu ake ndi oonekeratu: anthu 50 atakhala pa intaneti nthawi imodzi, aliyense akanapeza pafupifupi 5 kbps.

M'chaka cha 2011 njirayo inasinthidwa n'kukhala ya 2 Mbps yodzera pa nsanja za pamtunda, kutanthauza kuti liwiro linakula kasanu ndi katatu. Akatswiri amene anayeza netiwekiyo isanasinthidwe ndiponso itasinthidwa, m'kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2013, anapeza kuti poyamba zinthu zinayenda bwino. Koma patapita miyezi yochepa anthu anayamba kutsitsa ndi kukweza zinthu zolemera zimene kale sankayesa n'komwe, ndipo netiwekiyo inadzazanso, moti ntchito zambiri zinkadukira panjira.

Walira mvula walira matope. Zimene zinachitika ku Macha zikusonyeza kuti anthu a kumidzi safuna intaneti yochepa kusiyana ndi a mumzinda, koma amadziletsa chifukwa njira ndi yopapatiza. Amene akukonza ntchito za intaneti kumidzi potengera mmene anthu akuigwiritsira ntchito lero amamanga njira imene imadzaza chaka chisanathe.

Njira zimene zayesedwa

Njira imodzi ndi kufupikitsa ulendo. Kale uthenga wochokera kwa munthu wa kampani ina kupita kwa mnzake wa kampani ina mumzinda womwewo unkatha kudzera ku Ulaya. Pofuna kuthetsa zimenezi, makampani anakhazikitsa malo osinthanirana mauthenga m'dziko mwawo momwe: ku Johannesburg m'chaka cha 1996, ku Maputo m'chaka cha 2002 ndi ku Blantyre m'chaka cha 2008. Makampani akuluakulu monga Google ndi Meta amaikanso maseva m'chigawo chino osungira zinthu zimene anthu amazifuna kawirikawiri.

Njira ina ndi kugwiritsa ntchito mafunde a wailesi ya kanema amene ali opanda ntchito m'dera. M'chaka cha 2013, akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba, mogwirizana ndi bungwe la MACRA, anayesa kufikitsa intaneti m'masukulu ndi malo ena kudzera mu mafunde otere. Ku Mankosi, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, anthu a m'mudzi mothandizidwa ndi University of the Western Cape anayambitsa netiweki yawoyawo yotchedwa Zenzeleni, yoyendera mphamvu ya dzuwa ndipo yoyendetsedwa ndi eni mudzi.

Masetilaiti ozungulira pafupi ndi dziko abweretsa mwayi wina. A kampani ya Starlink ali pa mtunda wa makilomita mazana angapo chabe, choncho yankho silichedwa ngati pa masetilaiti akale. Starlink inayamba ntchito ku Mozambique, Malawi ndi Zambia m'chaka cha 2023, ndipo ku Botswana ndi Zimbabwe m'chaka cha 2024. Komabe zipangizo zake zimagulidwa ndi ndalama zambiri, zimafuna magetsi okhazikika ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, motero zimayenerera sukulu, chipatala kapena gulu la anthu kuposa banja limodzi la mlimi. Nawonso masetilaitiwa amagawidwa pakati pa onse amene ali m'dera limodzi.

Mabungwe oyang'anira za mauthenga, monga MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia, POTRAZ ku Zimbabwe ndi INCM ku Mozambique, amayendetsa thumba la ndalama zimene makampani a mafoni amasonkha, lothandizira kufikitsa netiweki kumadera amene makampani paokha saona phindu. Pa nkhani ya mtengo, komiti ya United Nations yoona za intaneti yothamanga inagwirizana m'chaka cha 2018 kuti intaneti yoyambira isamadye ndalama zoposa 2 pa 100 zilizonse za zimene munthu wamba amapeza pa mwezi.

Zimene wogwiritsa ntchito angachite

Liwiro lingayezedwe pa masamba monga Speedtest kapena Fast.com, amene amasonyeza liwiro la kutsitsa, la kukweza ndi nthawi ya yankho. Kuyezako kumadya bandulo, choncho si kochita pafupipafupi. Kuyeza kamodzi m'mawa, kamodzi masana ndi kamodzi madzulo kumathandiza kuzindikira gwero la vuto. Ngati liwiro ndi lochepa nthawi zonse ndipo timizere ndi tochepa, vuto ndi mtunda. Ngati timizere tadzaza koma liwiro limagwa madzulo okha, vuto ndi kuchuluka kwa anthu.

Mafayilo akuluakulu ndi bwino kuwatsitsa usiku kwambiri kapena m'bandakucha, pamenenso makampani ena amakhala ndi mabandulo otsika mtengo. Foni iyenera kuletsedwa kudzitsitsira yokha zithunzi ndi makanema a pa WhatsApp kapena kukonzanso mapulogalamu popanda chilolezo, chifukwa zimenezi zimalanda liwiro mwakachetechete. Kanema woonetsedwa pa mlingo wotsika, monga 240p kapena 360p, amafuna liwiro lochepa kwambiri kusiyana ndi wa 720p. Pa sukulu kapena pa chipatala, fayilo itsitsidwe kamodzi kenako igawidwe kudzera pa Bluetooth kapena pa fulashi. Kamlongoti koikidwa pamwamba pa denga n'kuloza kumene kuli nsanja kamathandiza rauta kugwira mafunde amene foni ya m'nyumba singawapeze.

Pogula bandulo, ndi bwino kuwerenga malamulo ake. Mabandulo ena amene amati alibe malire amachepetsedwa liwiro munthu akafika pa mlingo wina, ndipo mawu akuti liwiro lofika pa nambala yakutiyakuti amatanthauza malire a pamwamba, osati lonjezo la tsiku ndi tsiku. Amene akuona kuti sakulandira zimene analipira ayambe wadandaula ku kampani yake, atalemba tsiku, nthawi, malo ndi liwiro limene anayeza. Kampaniyo ikapanda kuchitapo kanthu, dandaulolo lingapite ku bungwe loyang'anira za mauthenga la m'dziko lake, limene lili ndi udindo woonetsetsa kuti makampani akutsata miyezo imene anavomera polandira chiphaso.

Nawonso maofesi a boma, masukulu ndi mabungwe amene amaika mafomu ndi zikalata pa intaneti ali ndi mbali yawo. Chikalata cha masamba khumi chimene chajambulidwa ngati zithunzi chingathe kulemera 20 MB, pamene mawu omwewo atalembedwa ngati mawu chabe sangafike megabaiti imodzi. Kwa munthu wa mumzinda amene ali pa 20 Mbps, chikalata cholemeracho chimatsika pa masekondi 8. Kwa mphunzitsi wa kumudzi amene ali pa 200 kbps, chimatenga mphindi zoposa 13, ndipo netiweki ikaduka pa mphindi ya 12, ayenera kuyambiranso ndi bandulo imene yatsala.